Kodi 6 July ndi tsiku la yani?

Mwezi wa July ukafika, katundu woyamba kutha m'misika ya ku Dedza, Mponela, Jenda, Lunzu ndi Thondwe amakhala majuzi ndi majekete a pakaunjika. Chisanu chimakhala chili pachimake, kummwera chiperoni chitakuta mapiri, ana akupita kusukulu manja ali m'khwapa. M'kati mwa chisanu chimenechi muli tsiku lolembedwa mofiira pakalendala, la 6 July, pomwe dziko lino limakumbukira kulandira ufulu wodzilamulira.

Kwa ogwira ntchito m'boma ndi ana asukulu, ili ndi tsiku lopuma. Kwa mayi wogulitsa mbatata, wakabaza ndi mnyamata woitanira minibasi, ntchito imapitirira monga mwa masiku onse, chifukwa m'mimba mulibe holide. Ambiri amangodziwa kuti pa tsikuli mu 1964 azungu adasiya dziko m'manja mwa eni ake.

Koma tsikuli lidasenza zambiri kuposa apo. Ndi pa 6 July pomwe Kamuzu adatera pa Chileka, ndi pa 6 July pomwe dziko lidasanduka la chipani chimodzi, ndi pa 6 July pomwe munthu mmodzi adalumbira kukhala pampando moyo wake wonse, ndipo ndi pa 6 July pomwe ana adafera pachipata cha bwalo la zamasewero ku Lilongwe. Wotsata zochitika za tsiku limodzi lokhali amaona msanga kuti kwa zaka zambiri atsogoleri adalitenga ngati lawo, anthu wamba nkumangoitanidwa kudzaombera m'manja.

Ndege idatera pa Chileka

Chiyambi cha nkhaniyi ndi pa 6 July 1958. Patsikuli Dr Hastings Kamuzu Banda adatsika ndege pa Chileka atakhala kunja zaka zoposa 40. Adachoka kwawo ku Kasungu ali mnyamata, adagwira ntchito ku Rhodesia ndi ku South Africa, adaphunzira udotolo ku America ndi ku Scotland, ndipo adachiza anthu ku Britain ndi ku Ghana. Pobwera adali atazolowera Chingerezi moti pamisonkhano ankalankhula kudzera mwa womasulira.

Kamuzu sadabwere mwa yekha. Adamuitana ndi achinyamata a Nyasaland African Congress monga Henry Masauko Chipembere, Kanyama Chiume ndi Dunduzu Chisiza, omwe ankalimbana ndi chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chomwe atsamunda adakhazikitsa mu 1953 eni dziko akukana. Anyamatawa ankadziwa kuti mafumu ndi akuluakulu a m'midzi sangamvere anthu a zaka za m'ma 20 ndi 30, choncho ankafuna munthu wachikulire, wophunzira, woti azungu amuope. Iwo eni adagwira ntchito yomukweza pamaso pa anthu ngati mpulumutsi.

Mu August chaka chomwecho, pamsonkhano wa ku Nkhata Bay, Kamuzu adasankhidwa kukhala mtsogoleri wa Congress ndipo adapatsidwa mphamvu zodzisankhira yekha akuluakulu a chipani. Panthawiyo zidaoneka zanzeru, popeza nkhondo yolimbana ndi chitaganya imafuna mawu amodzi. Palibe adafunsa kuti mphamvu zimenezo adzazibweza liti.

Zotsatira zake zili m'mabuku asukulu. Pa 3 March 1959 boma la atsamunda lidalengeza za chipwirikiti, anthu pafupifupi 50 adaphedwa, ena mwa iwo padoko la Nkhata Bay, ndipo Kamuzu adakamutsekera ku Gweru kufikira pa 1 April 1960. Iye ali m'ndende, Orton Chirwa ndi anzake adayambitsa Malawi Congress Party ndi kumusungira mpando. Chipanichi chidapambana chisankho cha 1961, Kamuzu adakhala nduna yaikulu mu February 1963, ndipo chitaganya chidatha pa 31 December chaka chomwecho.

Itafika nthawi yosankha tsiku la ufulu, padasankhidwa 6 July, tsiku lomwe Kamuzu adabwerera kumudzi. Kuyambira pachiyambi pomwe, tsiku lobadwa la dziko lidamangiriridwa ku mbiri ya munthu mmodzi.

Chimwemwe cha miyezi iwiri

Pakati pa usiku wa pa 5 kuchera pa 6 July 1964, khamu la anthu lidapirira chisanu pabwalo lalikulu la mu Blantyre, lomwe pambuyo pake lidatchedwa Kamuzu Stadium. Prince Philip adaimira mkazi wake, Mfumukazi Elizabeth II. Mbendera ya Britain idatsika, ndipo idakwera ya mitundu itatu, wakuda, wofiira ndi wobiriwira, ili ndi dzuwa lotuluka. Dzina loti Nyasaland lidathera pomwepo. Nyimbo ya fuko yomwe adapeka Michael Sauka idalowa m'malo mwa ya atsamunda. Anthu m'dziko muno adalipo pafupifupi 4 miliyoni.

Chimwemwecho sichidakhalitse. Pofika mu August, nduna zidayamba kumufunsa Kamuzu mafunso. Zidadandaula ndi tiki yomwe odwala adayamba kulipira m'zipatala za boma, ndi lipoti la Skinner lomwe lidakhudza malipiro a Amalawi ogwira ntchito m'boma, ndi kuchedwa kopereka maudindo kwa eni dziko, komanso ndi ubwenzi wake ndi Apwitikizi omwe ankalamulira Mozambique. Chachikulu koposa, zidadandaula kuti ankachita zinthu payekha ndi kumazitchula nduna zake ngati anyamata ake pagulu.

Akuluakulu amati wakutsina khutu ndi mnansi, koma Kamuzu adaona kufunsako ngati chiwembu. Pa 7 September 1964 adachotsa Chiume, Orton Chirwa, Augustine Bwanausi ndi Rose Chibambo. Yatuta Chisiza, Willie Chokani ndi Chipembere adatula pansi maudindo awo pogwirizana ndi anzawowo. Padali patangotha miyezi iwiri chikwerere mbendera.

Mathero a anthuwa ndi omvetsa chisoni. Chipembere adayesa kuukira boma kuchokera ku Mangochi mu February 1965, adalephera, ndipo adakafera ku America mu 1975. Yatuta Chisiza adaphedwa ndi asilikali mu 1967 atalowa m'dziko ndi mfuti kudzera cha ku Mwanza. Orton Chirwa ndi mkazi wake Vera adagwidwa mu December 1981, ndipo Orton adafera m'ndende ya Zomba mu 1992. Ambiri mwa omwe adakonza zoti ndege ija itere pa Chileka sadaloledwe kukalamba mwamtendere m'dziko lomwe adalimenyera nkhondo.

Chipani chimodzi, kenaka Wamuyaya

Pa 6 July 1966 dziko lino lidakhala Republic. Sir Glyn Jones, yemwe ankaimira Mfumukazi, adanyamuka, ndipo Kamuzu adakhala pulezidenti. Malamulo atsopano omwe adayamba kugwira ntchito tsiku limenelo adanena kuti m'dziko muno mudzakhala chipani chimodzi chokha. Patatha zaka zisanu, pa 6 July 1971, Kamuzu adalumbira kukhala Pulezidenti Wamuyaya.

Choncho tsiku lomwe Amalawi adapeza ufulu wodzisankhira owalamulira ndi lomwenso ufuluwo udachotsedwa, kawiri konse, pakati pa ng'oma ndi nthungululu.

Amene adali akuluakulu m'zaka zimenezo amakumbukira kukula kwa chikondwerero cha 6 July. Amayi a mbumba ankanyamulidwa pamalole kuchokera m'maboma onse, ana asukulu ankakhala masabata akuphunzira perete, magule ankavinidwa mpaka dzuwa kupendeka. Amakumbukiranso kuti pachipata cha msika pankaima achinyamata a chipani ofunsa khadi, ndipo wopanda khadi sankagula mchere kapena kukwera basi. A Mboni za Yehova, omwe adakana kugula makhadi, adaletsedwa mu 1967 ndipo zikwi za iwo adathawira ku Zambia ndi ku Mozambique. Ena ankatsekeredwa ku Mikuyu ndi ku Dzaleka popanda mlandu. Mu May 1983 nduna zitatu, Dick Matenje, Aaron Gadama ndi Twaibu Sangala, pamodzi ndi phungu David Chiwanga, adaphedwa ndipo boma lidati idali ngozi ya galimoto ku Mwanza.

Sikungakhale chilungamo kunena kuti Kamuzu sadasiye kanthu. Yunivesite ya Malawi idatsegulidwa mu 1965, likulu lidasamuka ku Zomba kupita ku Lilongwe mu 1975, msewu wa m'mbali mwa nyanja udamangidwa, ndipo misika ya Admarc idafika m'madera akutali. Alimi ambiri achikulire amayamikirabe nthawi imeneyo ponena za mitengo yokhazikika ndi alangizi oyendera minda. Atagonja pachisankho cha pa 17 May 1994, Kamuzu adavomereza ndi kusiyira mpando Bakili Muluzi popanda kukhetsa mwazi. Zonsezi ndi zoona, monganso zilili zoona za Mikuyu ndi za Mwanza. Vuto la chikondwerero cha masiku amenewo lidali loti mbali imodzi yokha ndiyo inkaloledwa kutchulidwa.

Kalendala imasintha ndi boma

Chizolowezi cholemba dzina la mtsogoleri pakalendala sichidathe ndi chipani chimodzi. Pa 14 June 1993, m'nyengo yachisanu yomweyi, Amalawi adaima pamizere kusankha pakati pa tambala wakuda ndi nyali, ndipo pafupifupi anthu awiri mwa atatu alionse adasankha nyali ya zipani zambiri. Boma la Muluzi lidasandutsa 14 June kukhala tsiku la holide lokumbukira ufulu umenewu, lidaika 15 January kukhala la John Chilembwe, ndipo lidachotsa 14 May, tsiku la Kamuzu. M'nthawi ya Bingu wa Mutharika zidatembenuka: tsiku la Kamuzu lidabwerera ndipo 14 June idasiya kukhala holide.

Ngakhale mbendera sidapulumuke. Mu July 2010 boma la Bingu lidaisintha, kuchotsa dzuwa lotuluka ndi kuikapo dzuwa lathunthu loyera, ponena kuti dziko latukuka. Mu 2012, Bingu atamwalira, Nyumba ya Malamulo idabwezeretsa ya 1964. Ndalama za misonkho zidapita kawiri, poisintha ndi poibwezera.

Mzimu wa 1971 nawo udayesa kudzuka. Mu July 2002, masiku ochepa chisanafike chikondwerero, aphungu adavotera bilu yofuna kuchotsa malire a materemu a pulezidenti. Idalephera ndi mavoti atatu okha. Mipingo, mabungwe ndi anthu wamba adakana, pokumbukira komwe njira imeneyo idafikitsa dziko.

Tsiku lomwelo m'maiko ena

Pamene kuno kukuzizira, ku Ulaya kumakhala chilimwe, koma 6 July kumenekonso ili ndi nkhani za anthu omwe adakana kugwadira olamulira. Pa 6 July 1415 wansembe wa ku Bohemia, Jan Hus, adaotchedwa mumzinda wa Konstanz atakana kusiya zomwe ankaphunzitsa zodzudzula akuluakulu a mpingo. Dziko la Czech Republic limapuma patsikuli pomukumbukira. Pa 6 July 1535 Thomas More, yemwe adakhalapo nduna yaikulu ya Mfumu Henry VIII ya ku England, adadulidwa mutu ku London chifukwa chokana kuvomereza kuti mfumuyo ndiyo mutu wa mpingo. Mu 2000 Papa John Paul II adalengeza More kukhala nkhoswe ya andale. Nkhani ya nduna yophedwa chifukwa chosavomera zonse zomwe bwana wanena si yachilendo kwa Mmalawi.

Kuno ku Africa, pa 6 July 1967 ndi pomwe nkhondo yapachiweniweni idayamba ku Nigeria, chigawo cha kummawa chitadzipatula ndi kudzitcha Biafra. Padali patangotha zaka zosakwana 7 dzikolo litalandira ufulu. Pomwe nkhondoyo inkatha mu January 1970, anthu oposa 1 miliyoni adali atafa, ambiri ndi njala.

Dziko la Comoros, zilumba za m'nyanja ya mchere kuseri kwa Mozambique, limakondwerera ufulu tsiku limodzi ndi Malawi. Lidadzichotsa m'manja mwa France pa 6 July 1975, koma usanathe mwezi mtsogoleri wake woyamba, Ahmed Abdallah, adagwetsedwa. Chichokere apo, dzikolo laona kulanda boma kapena kuyesa kutero koposa ka 20.

Poyerekeza ndi anzawo amenewa, Amalawi ali ndi chonyadira chenicheni. Dziko lino silidamenyepo nkhondo yapachiweniweni ndipo asilikali sadalandepo boma. Mu December 1993 asilikali adalanda zida a Young Pioneers nkubwerera kumabalaki. Mu April 2012, ena atafuna kutchinga Joyce Banda kulowa m'malo mwa Bingu, asilikali adaima ndi malamulo. Mtendere umenewu ndi chuma chomwe sichioneka pamtengo wa chimanga, koma amene adalandirapo othawa nkhondo a ku Mozambique ku Nsanje, Ntcheu ndi Dedza m'zaka za m'ma 1980 amadziwa kulemera kwake.

Obadwa, omwalira ndi katemera

Kalendala ya 6 July ilinso ndi maina odziwika. Dalai Lama, mtsogoleri wachipembedzo wa ku Tibet, adabadwa patsikuli mu 1935, ndipo adathawa kwawo mu March 1959, mwezi womwe Kamuzu ankatengedwa kupita ku Gweru. Sylvester Stallone, yemwe ana a m'matauni ang'onoang'ono adamudziwira m'nyumba zoonetsera kanema ngati Rambo, adabadwa pa 6 July 1946. Woimba lipenga wotchuka wa ku America, Louis Armstrong, adamwalira ku New York pa 6 July 1971, tsiku lomwe kuno Kamuzu ankalumbira za umuyaya.

Koma maina awiri ali ndi chochita ndi moyo wa banja la Chimalawi. Loyamba ndi la George W. Bush, yemwe adabadwa tsiku limodzi ndi Stallone. Ali pulezidenti wa America, mu 2003 adakhazikitsa ndondomeko ya PEPFAR yothandiza maiko osauka kulimbana ndi Edzi. Ndondomekoyi, pamodzi ndi thumba la Global Fund, ndiyo idachirikiza ntchito yopereka ma ARV aulere omwe Amalawi adayamba kulandira mu 2004. Maliro omwe ankachitika sabata ndi sabata m'midzi adachepa, ndipo makolo ambiri adalera okha ana awo.

Mu 2025 boma la America lidadula thandizo lambiri lopita kunja ndi kutseka bungwe la USAID. Mantha omwe adagwira odwala ndi ogwira ntchito zachipatala m'dziko muno adaonetsa poyera kuti moyo wa anthu mazanamazana umadalira chiganizo chopangidwa ku Washington. Dziko lomwe lidakweza mbendera yake mu 1964 lidali lisanafike podzigulira lokha mankhwala a anthu ake.

Dzina lachiwiri ndi la Louis Pasteur wa ku France. Pa 6 July 1885 adabaya katemera wachiwewe mnyamata wa zaka 9, Joseph Meister, yemwe adalumidwa ndi galu wodwala, ndipo mwanayo adapulumuka. Nchifukwa chake 6 July ndi tsikunso lokumbutsana padziko lonse za matenda ochokera ku nyama. Padutsa zaka 140 katemerayu alipo, koma chiwewe chimaphabe anthu m'dziko muno, makamaka ana, chifukwa agalu ambiri sabayidwa ndipo katemera wa anthu nthawi zina amasowa m'zipatala zing'onozing'ono. Wolumidwa ndi galu ayenera kutsuka bala ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15 ndi kuthamangira kuchipatala tsiku lomwelo, osadikira zizindikiro, popeza zikayamba kuoneka matendawa sachizika.

Ana a pachipata

Pa 6 July 2017 dziko lino linkakwanitsa zaka 53. Boma lidakonza masewero a mpira pakati pa Nyasa Big Bullets ndi Silver Strikers pa Bingu National Stadium ku Lilongwe, bwalo latsopano lolowa anthu pafupifupi 40,000 lomwe lidatsegulidwa kumayambiriro a chaka chomwecho. Kulowa kudali kwaulere. Anthu, ambiri mwa iwo ana, adalawirira m'chisanu kukaima pazipata.

Zipata zimayenera kutsegulidwa cha m'ma 6:30 mmawa, koma zidachedwa pafupifupi maola atatu. Anthu atayamba kukankhana, apolisi adaponya utsi wokhetsa misozi, ndipo pothawa ena adagwa ndi kupondedwa. Anthu 8 adamwalira, 7 mwa iwo ana, ndipo ena ambiri adavulala. Mtsogoleri wa dziko panthawiyo, Peter Mutharika, sadapitenso kubwaloko, koma mpira udaseweredwa.

Anawo sadapite kukachita zionetsero. Adapita chifukwa adamva kuti patsiku la ufulu mwana wa munthu wosauka angathe kulowa m'bwalo lomwe masiku ena onse amangoliona chapatali. Adafa chifukwa cha zinthu zomwe sizifuna thandizo lakunja kuti zikonzedwe: kutsegula chipata panthawi yake, kukonza mizere, ndi kudziwa kuti utsi suponyedwa pakati pa ana opanikizana. Ambiri mwa anawo akadakhala anyamata ndi atsikana akuluakulu tsopano, ena akadavota nawo mu 2025. Pamwambo wa 6 July maina a atsogoleri amatchulidwa chaka ndi chaka, koma a ana amenewa amakumbukiridwa ndi makolo awo okha.

Zomwe zasintha, zomwe zatsala

Pa 6 July 2020 Lazarus Chakwera adalandira lupanga la ulamuliro ku Kamuzu Barracks pamaso pa anthu ochepa chabe chifukwa cha mliri wa Covid-19. Mwambowo udali wosiyana ndi wa 1971. Chakwera adafika pampando khoti litathetsa, pa 3 February 2020, zotsatira za chisankho cha 2019, ndipo anthu atavotanso pa 23 June. Zaka 60 za ufulu mu 2024 zidapeza dziko lili pachisoni, wachiwiri kwa pulezidenti Saulos Chilima ndi anthu ena 8 atafa pangozi ya ndege m'nkhalango ya Chikangawa pa 10 June. Mu September 2025 ovota adachotsa Chakwera ndi kubwezera Peter Mutharika, yemwe adamuchotsa zaka zisanu m'mbuyomo, ndipo wogonjayo adavomereza.

Apa ndiye pali kusintha kwenikweni. Mu 1994, 2014, 2020 ndi 2025 pulezidenti wokhala pampando adachotsedwa ndi voti. Mwana wobadwa lero akuyembekezeka kukhala ndi moyo zaka zoposa 60, pomwe wobadwa mu 1964 ankayembekezeka zosakwana 40. Maphunziro aulere a pulaimale a mu 1994 adakweza chiwerengero cha ana m'sukulu kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi.

Koma m'thumba mwa munthu wamba nkhani ndi ina. Kalembera wa 2018 adapeza anthu 17.5 miliyoni, kuposa kanayi a mu 1964, pamalo omwewo ndipo ambiri akudalirabe khasu ndi mvula. Kwacha, yomwe poyamba mu 1971 ziwiri zokha zinkasinthana ndi paundi imodzi, idagwetsedwa ndi 25 peresenti mu May 2022 ndiponso ndi 44 peresenti mu November 2023. M'zaka za 2024 ndi 2025 mitengo ya zinthu inkakwera ndi pafupifupi 30 peresenti pachaka, ndalama zakunja zidasowa, ndipo oyendetsa galimoto ndi njinga zamoto ankagona pamizere ya mafuta. Dziko likudalirabe fodya kuti lipeze ndalama zakunja, monga momwe zidalili pomwe mbendera inkakwera.

Pamene zinthu zili chonchi, chiyeso chimakhala chofunanso mpulumutsi wina wotsika ndege. Chisankho chilichonse chimabwera ndi nyimbo zotamanda munthu mmodzi, nsalu za nkhope yake ndi maina aulemu, ndipo pakatha zaka zisanu anthu omwewo amamuimbira nyimbo zomuthamangitsa. Anyamata a Congress adayenda njira imeneyi mu 1958 ndipo adalipira ndi miyoyo yawo. Mutu umodzi susenza denga, ngakhale mutuwo utakhala wophunzira chotani.

Ufulu wa pamsika

Kwa banja la pa Mponela kapena pa Lunzu, ufulu wodzilamulira umayesedwa ndi zinthu zapafupi. Wogulitsa tomato amadula tikiti ya khonsolo tsiku ndi tsiku, ndipo ali ndi ufulu wofunsa chifukwa chomwe msika ulibe chimbudzi chabwino, madzi kapena denga. Dera lililonse la phungu limalandira ndalama za chitukuko, ndipo anthu ali ndi ufulu wodziwa milatho ndi midadada ya sukulu yomwe ndalamazo zamanga. Kuyambira mu September 2020 lamulo lopatsa nzika mwayi wopeza uthenga kuchokera kumaofesi a boma likugwira ntchito, ngakhale ochepa ndiwo amaligwiritsa ntchito. Kuyambira 2005 mpaka 2014 dziko lino lidakhala lopanda makhansala, ndipo silidagwedezeke, chizindikiro choti anthu adazolowera kuyang'ana ku State House kokha.

Mu 1964 nduna zidachotsedwa chifukwa chofunsa za tiki ya kuchipatala. Lero mayi wa pamsika angathe kufunsa funso lotero pamaso pa phungu, pawailesi kapena pafoni, nkukagona kunyumba kwake. Ufulu umenewu udagulidwa ndi anthu a pa doko la Nkhata Bay mu 1959, ndi omwe adavutika ku Mikuyu, ndi maepiskopi omwe adalemba kalata ya mu March 1992, ndi Chakufwa Chihana yemwe adamangidwa atangotsika ndege mwezi wotsatira, ndi anthu pafupifupi 20 omwe adaomberedwa pazionetsero za pa 20 July 2011. Ambiri mwa iwo sadakhalepo pampando wapamwamba patsiku la chikondwerero.

M'zaka zina boma lakhala likuchepetsa chikondwerero kukhala mapemphero okha pofuna kupulumutsa ndalama, ndipo mtsutso umabuka ngati kuli koyenera kuvina pamene anthu akugona ndi njala. Mtsutsowu ndi wofunika, koma waukulu ndi wa zomwe zimanenedwa patsikulo. Palibe ndalama yomwe ingaonongeke ngati mwambo wa 6 July utayamba ndi mphindi imodzi yachete yokumbukira anthu 8 a pachipata cha Bingu Stadium. Palibenso chovuta kuti khansala ndi phungu aime pabwalo la msika tsiku limenelo ndi kuwerenga poyera momwe ndalama za chaka chathachi zayendera.

Agogo omwe adali ana asukulu pomwe mbendera inkakwera mu 1964 tsopano adutsa zaka 65, ndipo chaka chilichonse akucheperachepera. Madzulo a pa 6 July, banja likazungulira mbaula kuotcha mbatata, ndi nthawi yabwino yoti adzukulu awafunse komwe adali usiku umenewo, zomwe ankayembekezera, ndiponso zomwe zidawachitikira tsiku lomwe adaiwala khadi kunyumba.